Duwa Lomwe a Sefa Sanalione

Kufakitale ya mabotolo ankawatchula a Sefa, chifukwa kwa zaka makumi atatu palibe botolo la mng'alu lomwe linadutsa pamaso pawo. Atawapumitsa ntchito, maso aja anasowa choyang'ana. Mpando unkawawotcha bambowa. Akati akhale, adzuka. Asuntha kabati, aibwezanso. Kenako awerenga masipuni. Akazi awo anafika potopa nawo.

Mwana wawo wamkazi ndiye anabweretsa kapaketi ka mbewu za zukini, timaungu tatitali tooneka ngati nkhaka. A Sefa analima kuseri kwa nyumba, pakati pa mpopi ndi mpanda, nathira manyowa. Koma malowo akazi awo ankafuna kumangapo khola la nkhuku.

"Ndakupatsani miyezi iwiri, bambo," anatero mayiwo. "Zikapanda kulowa mumphika, mmisiri abwera ndi njerwa zake."

Mawuwo anawalowa a Sefa. Kadimbako kakachoka, iwo adzadzukira chiyani m'mawa? Ankapitako kasanu pa tsiku, kutembenuza masamba, kupisa chala m'dothi. Mbewu zinakula bwino, masamba ngati mbale, ndipo maluwa achikasu anayamba kutuluka.

Apa ndiye maso a ntchito aja anadzuka. Maluwa ena anali ndi kachipatso kumbuyo. Ena anangokhala pa kaphesi kowonda, opanda kanthu. "Ongodya manyowa awa," anang'ung'udza a Sefa. M'mawa uliwonse, asanamwe n'komwe tiyi, ankawatsina ndi chikhadabo asanatseguke n'kuwaponya m'chidebe.

Tizipatso tija tinkafika ngati chala, n'kuyamba chikasu kunsonga, n'kuwola. A Sefa anawonjezera madzi. Anachepetsa madzi. Anakalipira mphaka wa aneba, wosalakwa. Sabata yomaliza itakwana, mmisiri anabwera kudzayeza malo, n'kusiya mulu wa mchenga pageti. Tsiku limenelo a Sefa chakudya sichinapite.

M'mawa mwake mayi aja akufuna chidebe chochapira, anachipeza chodzaza maluwa ofota.

"Bambo, awa mwawathotholeranji?"

"Ndi osabereka amenewo, mayi. Ndikuchotsa zinyalala."

Mayiwo, amene anakulira kumunda, anaseka mpaka anagwira mpanda. "Kalanga ine! Amenewa ndi aamuna, bambo inu! Njuchi imatenga ufa wake kupititsa ku maluwa aakaziwo. Ndiye mwachotsa ntchito amuna onse, ana abwera bwanji?"

A Sefa sanaseke. Anayang'ana m'chidebemo nthawi yaitali, ndipo manyazi anasanduka chisoni. Anakumbukira kalata ija anawapatsa kufakitale, yonena kuti makina atsopano sakufunanso munthu woima pambali.

Mayi anaona nkhope ya amuna awo, kuseka kunatha. Anagwada nayamba kufunyulula masamba. Pansi penipeni, pafupi ndi mpanda, panali duwa limodzi lalimuna, lotseguka bwinobwino.

"Ili linakupulumukani," anatero.

"Ine? Linandidutsa?"

"Linakudutsani, bambo. Tengani."

Anawasonyeza kusenda timasamba take tachikasu mpaka kutsale kamtima kaufa. A Sefa anayenda nako mzere wonse, kukhudza mkati mwa duwa lalikazi lililonse. Analipo anayi.

Madzulo mmisiri anagogoda pageti ndi wilibala yake. Mayi anamuuza kuti abwere mwezi wamawa, awone kaye. A Sefa sanamve n'komwe. Anali atanjuta kuseri kuja, akuyang'ana timaluwa tiwiri ta maphesi owonda tomwe tinali titangotuluka. Zala zinkawayabwa ndithu, koma manja anawapisa m'matumba.