Khutu la Mwana wa Eni

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anabadwa ndi khutu limodzi. Kumanja kunali kanyama chabe, kopindika ngati mtedza. Nthawiyo ndinali pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, ku Vubwi.

Kusukulu anzake ankamutcha kapu, poti kapu ili ndi chogwirira chimodzi. Anasiya kupita. Ankangokhala kuseri kwa nkhokwe.

Ali ndi zaka khumi, namwino wina ku Katete anandiuza kuti ku Lusaka kwabwera madokotala opanga makutu. Amachotsa kafupa kofewa m'nthiti mwa mwanayo, n'kukasema ngati khutu, n'kukalowetsa pansi pa khungu. Anati madokotalawo akhalako sabata imodzi yokha.

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, ndiye mwini mbumba. Anali ku Mozambique kogula chimanga, foni yake sinkagwira. Mkazi wanga anati, "Dikirani achimwene abwere." Sindinadikire. Ndinakwera naye basi mwanayo. Pepala lovomera mpeni ndinasaina ndine.

Ntchito inayenda bwino. Masiku asanu ndinkamugwira mutu kuti asagonere mbali imeneyo. Ankalira ndi nthiti, osati khutu.

Titabwerera tinapeza alamu ali pakhonde. Anayang'ana bala la m'nthiti. Khutulo sanaliyang'ane.

"Alamu, munapempha kwa yani?" anatero.

"Ndi mwana wanga."

"Wanu? Inu pano munabwera ndi khasu basi. Akanatsirizikira konko, ine abale ndikanawauza chiyani?"

Mwambowo ndinkaudziwa. Kwathunso ana a mlongo wanga sapita kumpeni ine ndisanamve.

Sanandithamangitse. Anangosiya kundiitana pa nkhani za pamudzi. Moni ankandipatsa ngati mlendo. Mkazi wanga anali pakati, ndipo anatsamira kwawo. Titakolola ndinamanga zovala zanga n'kubwerera kwathu ku Sinda. Pano ndimakonza njinga m'mphepete mwa msewu.

Madokotala aja anali atanena kuti mwanayo adzapitenso, akalitukule khutulo liime ngati linzake. Anamuperekeza ndi atsibweni akewo. Ine sanandiuze. Ndinamva kwa bambo wina wogula soya ku Vubwi amene anabwera kudzamatitsa chubu. Anati mwanayo anabwerera kusukulu, ali giredi seveni.

Ndinamufunsa ngati khutulo likufanana ndi linzake. Anati sanayang'anitsitse.

Ine ndinaliona lili lotupa, lomata kumutu. Litapola sindinalione.