Tsiku Limene Bambo Anathira Madzi mu Mfuti

Bambo anga anabwera kudzakhala nane ku South Bend mayi atamwalira, ndipo chaka chachiwiri chisanathe mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Poyamba anali makiyi ndi magalasi, kenako masiku. Tsiku lina pochokera ku ntchito ndinawapeza pamalo okwerera basi atavala jekete la ku tchalitchi, kumapazi masilipasi, kunja kukuzizira kodula makutu, akuti akudikira basi ya ku Zomba. Ine ndine nesi. Matendawa ndimawazindikira msanga pa makolo a eni ake, koma pa bambo anga ndinkangoti ndi kutopa.

Mng'ono wanga, amene anakwatiwa ndi mzungu ndipo amakhala ku Speedway, pafupi ndi Indianapolis, ndiye analimba mtima. Anawapezera malo ku nyumba yosamalira okalamba ku Indianapolis.

"Achemwali, ndabukitsa kale, Mande teni koloko," anatero pa foni. "Musandikalipire. Inunso mukudziwa kuti simungamaneje nokha ndi mashifiti anuwo."

Ndinamulalatira mpaka mawu kusasa. Kwathu kholo salisiya m'manja mwa alendo ngati katundu wosungitsa. Komabe Loweruka m'mawa ndinalongedza zovala zawo, ndinawanamiza kuti tikukaona adzukulu, ndipo ndinayendetsa galimoto pafupifupi maola atatu ndikudzida ndekha.

Titafika tinapeza mlamu wanga ali m'galaja, atayala bulangete lakale pa tebulo, pamwamba pake mfuti zitatu zazitali za mitengo yofiirira. Zinali za malemu bambo ake, zija asilikali anasiya kugwiritsa ntchito kalekale n'kuzigulitsa kwa anthu wamba. Ndisanapereke ndi moni womwe ndinafunsa ngati m'nyumbamo munali zipolopolo. Anati munalibe ngakhale chimodzi, ndipo anandionetsa zitsulo zotsekera chipolopolo atazichotsa n'kuziika padera.

Vuto lake linali lakuti m'nyengo yotentha anapita nazo kumalo ophunzirira kuwombera, anawombera zipolopolo zakale zimene anazipeza pamodzi ndi mfutizo, n'kubwera kudzaziimika m'kabati osatsuka. Tsopano m'kati mwa mipope munali bii, mwaye ndi dzimbiri. Anali atathiramo mafuta sabata yathunthu koma sizinasinthe. Munthu wamkulu ndi ndevu zake misozi ili lengelenge chifukwa cha chitsulo.

Ine nkhani ya chitsulo chakuda sindiopa. Ndinakula ndikukwecha mapoto ndi mchenga mpaka kudziona nkhope, ndipo mpaka lero m'kitchini mwanga simusowa sitiliwaya. Komanso manja anga ankafuna chochita kuti ndisaganize za Lolemba. Ndinakatenga sitiliwaya wa mng'ono wanga, ndinanyamula mfuti imodzi, n'kuyang'ana kunja kwa mpope wake wakudawo ngati poto wa mkazi waulesi.

"Siyani!"

Sitiliwaya anagwa pansi. Mawu amenewo ndinawamva komaliza ndili kamtsikana. Bambo anali ataima pakhomo la galaja, msana uli chilili, anthu amene miyezi yonseyo ankayenda chowerama akukhwekhwereza mapazi.

"Kudako si litsiro, mayi. Ndi khungu lake. Mukakwecha mwaisenda yamoyo."

Anandilanda mfutiyo, anayamba aona ngati munalibe kanthu m'kati, kenako anailoza ku windo n'kusuzumira. Ananunkhiza kukamwa kwa mpope.

"Ndani anawombera mfuti iyi n'kukagona?"

Mlamu Chichewa samva, koma anaimirira njoo, manja m'mbali. Ndinamasulira. Anavomera kuti ndi iye.

"Wiritsani madzi. Ketulo yodzaza."

Ndinadziwa kuti basi, mutu wapitanso. Madzi pa chitsulo cha dzimbiri? Ndinayamba kuwanyengerera ndi mawu aja ndimalankhulira odwala, koma anandidula osandiyang'ana n'komwe. Anati zipolopolo zakale zimasiya mchere m'kati, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo mafuta amangoufunditsa osauchotsa. Chosungunula mchere ndi madzi. Ndikumasulira, maso a mlamu anatong'oka. Anati anawerengapo zimenezo koma sanakhulupirire.

Ndinkadziwa kuti bambo anakhalapo msilikali ndisanabadwe. Chimene ndinakula ndikuona ndi munthu woyendetsa lole, wofika kunyumba atatopa, wosakamba za kale. Sindinadziwe kuti anakhala zaka m'nyumba yosungira zida, mfuti za gulu lonse zikudutsa m'manja mwawo.

Anapendeketsa mpope pa ndowa, anaika fanelo yachitsulo kumbuyo kwake, n'kuuza mlamu athire pang'onopang'ono kuti madzi asakhudze mtengo. Amene anatuluka kunsonga anali akuda ngati otsukira makala. Ketulo yachiwiri anatuluka ofiirira. Yachitatu anayamba kuyera. Chitsulo chinatentha moti chinkadziumitsa chokha, nthunzi ikufuka mbali zonse ziwiri.

Kenako anapempha malaya akale a thonje. Manja amene m'mawa womwewo analephera kumanga mabatani anang'amba tinsalu tofanana ndendende, popanda sizasi. Anamanga kamodzi ku chingwe, anaponya nsonga yolemera mu mpope, n'kukoka kamodzi kokha, mowongoka, chingwe osakhudza m'mphepete. Kansalu kanatuluka kakuda. Anakaika pa tebulo, n'kumanga kena. Burashi ya waya wofewa imene mlamu anawapatsa anaiyesa kaye pa dzanja asanailowetse. Kutali kunkamveka magalimoto a mpikisano akulira ku bwalo lawo la ku Speedway konko. Mng'ono wanga anabwera kudzatiitana ku chakudya n'kungoima pakhomo, chipande chili m'manja.

Ndinachita mantha, ndinene zoona, mantha aja umamva m'tchalitchi nyimbo ikakugwira. Munthu amene sankadziwa kuti lero ndi lachingati sanaphonye kanthu ngakhale kamodzi. Tinsalu tinandandalika pa tebulo kuyambira takuda mpaka totuwa. Kotsiriza kanatuluka koyera, ndipo m'pamene anadontheza mafuta, pang'ono chabe.

"Iyi ikhala," anatero. "Koma mpope umatuluka thukuta. Mawa tiutsukanso, mkuja, ndi tsiku linalo."

Ine ndi mng'ono wanga tinayang'anana. Mkujawo linali Lolemba lija.

Bambo anandikodola. "Bwerani, mayi, muone."

Anaika chala chawo chachikulu kumbuyo kwa mpope, polowera chipolopolo paja, chikhadabo chitapenya ku windo. Anati ndi mmene ankachitira akuluakulu akabwera kudzayendera, kuti chikhadabo chibweze kuwala m'kati. Anandiuza ndisuzumire kunsonga. Ndinazengereza, pakuti ndani amaika diso pakamwa pa mfuti? Koma chitsulo chotsekera chija chinali pa tebulo, ndipo m'katimo munali chala cha bambo anga chokha.

Ndinasuzumira. M'mene munali mdima muja munali mbee. Mizere yopota inkazungulira kuchokera pa diso langa kutsikira kutali, yosalala, yonyezimira, ndipo kumapeto kwake kunali kuwala kofiirira pang'ono kwa chikhadabo chawo. Munali timabowo ting'onoting'ono pamene dzimbiri linadya, koma mizere yonse inalipo. Sindinaonepo chinthu chopangidwa ndi anthu chokongola chotero, ndipo ndinaiwala kuti chinapangidwira kupha. Ndinakhala choncho nthawi yaitali, mpaka diso linachita misozi.

Nditadzutsa mutu anali akundimwetulira mwaulemu, mmene munthu amamwetulira mlendo amene wamuthandiza.

"Muli ndi diso labwino, mayi," anatero. "Ine ndili ndi mwana wamkazi ku Amereka, ndi nesi. Waukali ngati ine ndemwe. Mukakumana naye mumuuze abwere adzanditenge. Ndakhalitsa kwa alendo."

Ndakhala ndikugwira manja a anthu akutsirizika osagwetsa msozi, koma apa ndinalira ngati mwana, pamaso pa mlamu, mafuta a mfuti ali m'manja. Bambo anadabwa, n'kundipatsa kansalu koyera kamene kanatsala.

Ndinatembenukira kwa mng'ono wanga.

"Imba foni ku nyumba ya okalamba ija. Uwauze kuti sitibwera."

Anatsegula pakamwa kuti anene za mashifiti anga, ndipo akanakhala kuti ananena sakanalakwa. Anangoika chipande pa shelefu n'kulowa m'nyumba. Bambo anali atanyamula kale mfuti yachiwiri, akuiloza ku windo, akufunsa ngati madzi ena awira.