Nsomba Imene Ndinabisa m'Garaja

Kasizasi kaja ndikadali nako. Ndi kakang'ono, kopindika kunsonga, ndipo pachogwirira panachita dzimbiri. Amalume ankadulira zipsepse za nsomba chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala m'nyumba ya lendi ku South Bend, ku America, ine, amayi ndi iwo.

Amalume anali atalowa kalabu ya asodzi, gulu la azungu okalamba amene ankalera nsomba zotchedwa trauti popanda wowalipira. Ankazisunga zili zazing'ono m'makola a ukonde oyandama mumtsinje kwa milungu ingapo, kuti zizolowere madziwo, kenako n'kuzitsekulira zizipita kunyanja yaikulu. Ali mnyamata, amalume anagwirapo ntchito pamaiwe a trauti paphiri la Zomba, choncho pamtsinjepo mawu awo ankamveka. Koma kunyumba amayi ankati imeneyi ndi misala. "Munthu kudyetsa ndiwo mwezi wathunthu, n'kukazitaya m'madzi!"

Loweruka lililonse ankanditenga. Sinowo inali ikusungunuka, m'mbali mwa msewu muli matope akuda. Chakudya cha nsombazo chinkanunkha ngati usipa wonyowa, ndipo zala zinkachita dzanzi mpaka kulephera kumanga nsapato. Nsomba iliyonse tinkaidula kachipsepse ka pafupi ndi mchira, kuti ikadzabwera patapita zaka ziwiri kapena zitatu, asodzi adzadziwe kuti ndi yathu. "Siziiwala kwawo izi," ankatero amalume. Ine ndinkawayankha m'Chingerezi, iwo n'kumapitiriza m'Chichewa ngati sanamve.

Sabata yachitatu anandipatsa kasizasiko kuti ndizidula ndine. Ndinatukumuka, ndikuyesa kuti andikweza udindo. Lero ndimadziwa kuti manja awo ankanjenjemera. Ndinaonanso mabowo atsopano palamba wawo, ndinawaona akupumira pachidebe ntchito isanafike n'pakati pomwe, koma palibe chimene ndinatolapo.

Lamulungu lina titachokera kutchalitchi ndinawamva kukhitchini. Amayi ankalankhula motsitsa mawu koma mokalipa.

"Achimwene, mwakansela bwanji apointimenti ya dokotala wanu wa ku Indianapolis? Ndapempha kale ofu kuntchito kuti ndikudiraiveni."

"Chemwali, zakwana. Nsomba yomaliza ikangotuluka m'khola muja, ine ndikwera ndege kubwerera kwathu."

Ndinagwira mawu amenewo monga mmene analili. Ngati yomaliza situluka, amalume sapita. Kutatsala tsiku limodzi kuti azitsekulire, ndinavuula imodzi anthu atayang'ana kumbali, n'kuiika m'chidebe cha chivindikiro. Kunyumba ndinaibisa m'garaja, kuseri kwa matayala akale. Ndinainyenyera buledi. Kenako ndinagwira madziwo n'kumva chisoni kuti ikuzizidwa, ndiye ndinathiramo ofunda a pampopi. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandipweteka. Ndinachita zonsezi ndi chikondi chenicheni.

M'mawa ndinaipeza itagada, mimba yoyera ili m'mwamba. Amalume anandipeza nditagwada pamenepo, ndikuigwedeza ndi chala. Sanandikalipire. Anaitola, n'kuyang'ana pamene ndinadula kachipsepse kaja, n'kunena kuti ndinadula bwino. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza zonse, m'Chichewa changa chothyokathyoka.

"Mwanawe, iyi ndi nsomba ya madzi ozizira, madzi oyenda. M'chidebe singakhale, ngakhale uikonde chotani."

Ankalankhula ndi ine, koma maso anali kukhomo. Amayi anali ataima pamenepo, atavala kale yunifolomu ya kuchipatala.

Tsiku limenelo amayi sanapite kuntchito. Anamanga chitenje pamwamba pa jekete, n'kupita nafe kumtsinje kwa nthawi yoyamba. Mkulu wa kalabu anapempha amalume kuti amasule okha ukondewo. Chingwe chinawakanika, ndipo amayi, omwe aja onyoza, anagwada pathabwa lonyowa n'kuwathandiza. Nsomba zinazungulirazungulira kaye pansi pathu, kenako zinazimirira.

Madzulo ake amayi anatulutsa sutikesi n'kuyamba kusita malaya a amalume. Anaikamo masokosi okhuthala, ati ku Zomba kumazizira. Mapepala a kuchipatala sanaikemo. Amalume ananyamuka sabata yotsatira, ndipo anamwalira kwawo miyezi itatu isanathe. Patapita zaka ziwiri mkulu wa kalabu uja anatiimbira foni kuti nsomba zopanda kachipsepse zayamba kubwera. Amayi anathokoza mwaulemu, n'kuika foni pansi. Sitinapiteko.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi madzulo a sutikesi aja. Amayi ankasita misozi ikudonthera pamalaya, simbi n'kumaiumitsa. Ndinapita kukawagwira dzanja, n'kuwalonjeza kuti chaka chamawa amalume akabwera, ndidzawathandiza kulera ina. Ine ndinkayesa akulira nsomba yanga.