Dzina la pa sitepe yachitatu

Mwana wanga wa ku sekondale anandionetsa chithunzi pafoni: bwalo la zisudzo la mumzinda wina wa nthawi ya Aroma, mipando yake yamiyala. Pamipandopo anagobapo mayina, apa pa osula zitsulo, apa pa banja lakutilakuti. Iye ankaseka kuti kani matama anayamba kale. Ine foniyo ndinangomubwezera.

Kwathu ku Chileka tinali nalo bwalo lotero kuseri kwa sukulu, masitepe asanu a simenti. Tinkaonerapo zisudzo ndi makwaya, misonkhano ya m'mudzi inkachitikiranso pomwepo. Analimanga ine ndili kumsana, ndipo simenti isanaume, mlembi wa komiti ankalemba ndi msomali mayina a amene agwira ntchito. Bambo anga, mkamwini wochokera ku Lirangwe, anatuta mchenga panjinga mwezi wathunthu. Sukulu sanapiteko, koma malo awo ankawadziwa: sitepe yachitatu, kumapeto. Ankayalapo thumba n'kukhala mwachifatse ngati bwana. Ife akazi tinkakhala pansi kutsogolo, ndiye zolembazo sindinaziyang'anepo.

Mayi atamwalira, manong'onong'o anayamba. Amalume ankati mkamwini ntchito yake yatha, abwerere kwawo, munda ndi wa mbumba. Bambo ankangoyankha kuti munthu amene dzina lake lili pasimenti si mlendo, ndipo sapita kulikonse.

Tsiku lina kunali msonkhano wa za mjigo, bwalo lodzaza. Amalume anafika mochedwa, n'kuima pamaso pa bambo, n'kuwauza kuti asendere. Bambo sanapse mtima. Anaimirira, anachotsa thumba lija, n'kundikodola.

"Aphunzitsi, tabwerani muwawerengere alamu angawa."

Chaka chimenecho n'kuti nditangoyamba kuphunzitsa, ndipo ndinkadzimva, mapewa m'mwamba. Ndinakwera masitepewo ndikuti lero amalume aona polekera. Ndinauzira fumbi, ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kuwerenga ndi mawu anga a m'kalasi, aja ofika mpaka kumbuyo.

Linali dzina la amalume.

Pakamwa panathamanga, mutu unabwera pambuyo. Abale inu, ndinagwada n'kupalasa ndi chikhadabo, kuti mwina pali lina. Pansi pake panali timalemba ting'onoting'ono: "ndi mbumba yake". Basi. Mlembi uja anangotsata zimene ankazidziwa, zoti thukuta la mkamwini limalembedwa kwa mwinimbumba.

Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti palibe anadabwa. Akuluakulu onse anangozyolika, ena n'kumatokosa pansi ndi kamtengo. Ankadziwa. Zaka zoposa makumi awiri ankawaona bambo akuyala thumba pa dzina la munthu wina, nthawi zina n'kumaloza ndi chala pouza alendo, koma onse pakamwa tsekee. Mwina ngakhale mayi ankadziwa, poti iwo kuwerenga ankatha. Zimenezo zimandipweteka mpaka lero.



"Tawerenganso bwino, mwana wanga," anatero bambo motsitsa.

Ndikananama. Ndikanatchula dzina lawo, amalume akanangolalata, nkhani n'kuthera m'phokoso. Koma ndi maso onse aja pa ine, ndinawerenganso zomwezo, uchitsiru wangawo.

Bambo anapinda thumba lawo kanayi n'kutsika. Loweruka lomwelo anamanga katundu panjinga, ulendo wa ku Lirangwe kwa mlongo wawo, osadikira kuti wina awathamangitse.

Ndinkapita kukawaona mwezi ndi mwezi. Ankandilandira bwino, ankandigulira nzimbe pamsika, za bwalo sanazitchulepo. Atayamba kudwala, ndinapeza kabuku kawo ka kuchipatala pawindo, ndipo nditati ndione zimene adokotala alemba, anakalanda mwaulemu n'kukaika m'thumba la malaya. Anati ndisavutike, telala wa pakhonde la sitolo amawawerengera.