Ndinamata khola la Sinyolo ngati uvuni wa njerwa

Inu owerenga, ndinapha chiweto cha mwana wanga ndi manja angawa, ndipo ndinachipha ndikuganiza kuti ndikuchipulumutsa. Kwathu kuno ku Thuchila anthu amati ndimathira mchere wambiri pa nkhani, koma zimene ndikulemba panozi ndi zoona kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mchirawo unali wautali ndithu.

Ntchito yanga ndi youmba ndi kuwotcha njerwa. Mwana wanga wamkazi, Delifa, anakulira kwa amayi ake ukwati wathu utatha, ndipo kwa zaka zambiri tinkangopatsana moni wa pamaliro. Atakula anakagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni. Abwana ake ankaweta buluzi wobiriwira wa kunja wotchedwa igwana, ndipo pobwerera kwawo kunja anamusiyira Delifa, poti ndi amene anamulera kuyambira ali ngati chala. Buluziyu amafanana ndi ng'azi, koma sagwira anapiye, amadya masamba okhaokha ngati munthu amene adokotala amuletsa nyama. Delifa anamutcha Sinyolo, kutanthauza bwana m'chinenero cha kutsidya kwa malire, chifukwa ankakhala mutu uli m'mwamba, ngati bwana wa ku Milanje amene akudikira tiyi.

Chaka chatha Delifa anapeza malo kusukulu ya unamwino, kumene salola ngakhale mphaka. Amayi ake anakanitsitsa kusunga Sinyolo, ati sangagone nyumba imodzi ndi chinthu cha afiti. Ndiye anatsika minibasi pakwathu ndi katoni yoboolaboola, n'kundiuza kuti, "Ababa, chibadwire sindinakupempheni kanthu. Ndisungireni uyu."

Anandisiyiranso pepala lolemba pamanja. Khola likhale lalitali, mukhale nthambi yokwerapo. Mbali ziwiri zikhale za waya wa sefa kuti mpweya uzidutsa. Babu wotenthetsa alendewere pangodya imodzi, ngodya ina ikhale yozizira kuti kutentha kukamukwana azithawirako. M'mawa uliwonse aziwothera dzuwa lenileni, osati lodzera pagalasi, apo ayi mafupa amafewa.

Ndinamanga zonsezo ndi njerwa zanga zosankha, zimene ngakhale tchalitchi ndinachimana. Sinyolo anakondwa, ananenepa. Tsiku lina anakwapula galu wa aneba ndi mchira, ndipo mpaka lero galuyo akamadutsa pakhomo panga amayenda monyang'ama, ndikulumbira. Anthu ankachokera ku Muloza pa kabaza kudzangomuona akutafuna nkhwani. Koma chimene chinkandikomera ine chinali foni. Delifa ankaimba kawirikawiri kufunsa ngati Sinyolo wadya, ndipo patapita miyezi anayamba kuwonjezera kuti, "Nanga inuyo mwadya?" Inu owerenga, mawu atatu amenewo ndinawadikira zaka makumi awiri.

Kenako kunabwera chiperoni cha mu Juni. Phiri lathu linasowa m'nkhungu masiku anayi. Kunazizira moti tambala wanga anasiya kulira, ankangogwedeza mutu, ndipo amene akutsutsa abwere adzamufunse. Magetsi nawo anathima, babu uja n'kukhala chokongoletsa chabe. Sinyolo anasiya kudya, khungu linada, anangogona pansi ngati chikuni.

Apa m'pamene ndinalakwitsa. Sindinamuimbire Delifa. Ndinadzinamiza kuti ali pa mayeso, koma zoona zake n'zakuti sindinafune kuti amve kuti bambo ake alephera kusunga buluzi. Ndinati moto ndimaudziwa ine. Aliyense wowotcha njerwa amadziwa kuti kutentha kumathawira pamng'alu, ndipo uvuni wabwino ndi womatidwa bwino. Choncho m'mawa wa tsiku lachisanu ndinaponda dothi, n'kumata sefa yense mbali zonse ziwiri, mosalala ngati ndikudikira alendo. Ndinakoleza mbaula ya makala, n'kuiika m'kati, ndinaitchinga ndi njerwa kuti asapse. Pansi pa chitseko ndinatsekapo ndi chiguduli.

Mayi Namalomba, aneba anga amene amaweta anapiye, anaima pampanda n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga mwatseka ponseponse, apumira pati?" Ine ndinawayankha kuti njerwa zanga sizinadandaulepo. Anaseka, inenso ndinaseka. Ndinapalasa njinga kupita ku Nkando kukamugulira papaya wakupsa, kuti akatenthedwa adye chokoma.

Ndinabwerako dzuwa lili pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Nditatsegula chitseko mpweya wotentha wa m'kholamo unandiwomba kumaso mpaka ndinaona nyenyezi. Sinyolo sanali pansi pamene ndinamusiya. Kutentha kunamudzutsadi. Anakwera mpaka pasefa, pamalo pamene ankakonda kutulutsira mphuno, ndipo ndinamupeza ali lende, kukamwa kuli yasa. Zala zake zinali zitalowa m'mabowo a waya, zitakanda dothi langa lija lidakali lonyowa. Ndinamutulutsa, ndinamukupiza ndi chipewa, ndinamuitana dzina lake ngati munthu. Papaya uja anangogwera m'matope.

Madzulo ake ndinaimba foni imene ndinayenera kuimba dzulo lake. Delifa sanalire, sanakalipe. Anabwera Loweruka, tinamukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Kenako anakaima pakhola paja nthawi yaitali, akuyang'ana mmene ndinamatira.

"Pepala lija munaliwerenga, ababa?"

Ndinati ndinaliwerenga.

"Ndiye bwanji osangondiimbira? Mukanamuika m'katoni ndi botolo la madzi otentha lokulunga m'nsalu, basi."

Nkhuku imene ndinamuphera sanailawe. Anakwera minibasi ya masana omwewo.

Inu owerenga, ngati mukuweta chinyama chotere, kaya mukulera anapiye, kaya ndi ana anu amene mukuwatenthetsa m'chipinda nthawi yozizira, musaike mbaula ya makala pamalo otseka. Mpweya wake suoneka ndipo sununkha, umangogonetsa mpaka kalekale. Chamoyo chimafuna kutentha, inde, koma chimafunanso pobowoka polowera mphepo, pozizira pothawira, ndi dzuwa. Luso la ntchito yanu musalitengere pa chinthu chimene chimapuma.

Ndipo mwana wanu akakusungitsani chinthu chimene amachikonda, zinthu zikavuta muimbireni msanga, ngakhale muoneke mbuli. Ine ndinaopa manyazi a mphindi ziwiri. Pano papita miyezi isanu ndi iwiri. Ndimamulembera uthenga, foni imaonetsa kuti wawerenga, ndipo ndimakhala pakhonde n'kumaiyang'ana mpaka batire litatha.