Abusa Ochapa Matewera

Mpingo wathu wa ku Libuyu unalandira abusa atsopano m'nyengo yotentha, mango asanapse. Anali achinyamata, ochokera ku Mongu, ndipo akazi awo anali oyembekezera. Kwathu m'busa watsopano amayamba wayesedwa chaka chimodzi. Chikatha, woyang'anira chigawo amabwera kudzafunsa akulu a mpingo ngati tikumufuna. Tikakana, amamanga katundu.

Ine ndinali mmodzi wa akuluwo. Mkati mwa sabata ndimagwira ntchito yochapa pa loji ina yogona alendo ya m'mbali mwa Zambezi. Pamisonkhano ndimadziwika kuti sindiyankhulayankhula.

Kulalikira ankalalikira bwino, pamaliro sankasowa, ndipo Chitonga anachigwira msanga. Nkhani inabwera ndi mapasa. Amayi busa anachira ndi opaleshoni, ndipo kuchipatala anawaletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera. Mayi owabereka sakanatha kubwera chifukwa nawonso ankadwala. Gulu la amayi a mumpingo linathandiza poyamba, kenako aliyense anabwerera ku malonda ake, wina kumsika, wina kumalire kukaoda katundu.

Nyumba ya abusa ili m'mbali mwa msewu wopita kumsika, ndipo mpopi uli kutsogolo. Choncho Libuyu yense anawaona abusa athu atawerama pa beseni, akuchapa matewera. Poopa kunyowetsa thalauza, ankamanga m'chiuno chitenje cha gulu la amayi, chija cha mtanda ndi nkhunda.

Wapampando wathu, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya njanji, anatiitana tonse.

"Bantu batiseka," anatero. "Ba mataxi banifunsa ati ku chalichi kwanu mubusa ni mwamuna olo ni mukazi? Manje azadalitsa bwanji mgonero na manja yonunkha sopo?"

"Bola sopo, ba tcheya," anayankha mkulu wina, wophika pa hotela ya m'tauni. "Matewera yali na fungo inanso."

Tinaseka, koma wapampando sanaseke. Ananena kuti abusa akapanda kusiya, woyang'anira akabwera tidzakana. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba elda, imwe simukalipa. Mukabauze bwinobwino."

Loweruka m'mawa ndinavala jekete ndi tayi, n'kuyamba ulendo. Mawu ndinali nditawakonza m'njira, ochepa ndi aulemu. Ndinawapeza abusa pa mpopi, chitenje chili m'chiuno, akulimbana ndi bulangete lonyowa.

"Ba elda, Mulungu ndiye wakutumani! Gwirani uku."

Ndisanapereke ndi moni womwe, nsonga ya bulangete inali kale m'manja mwanga. Tinalipotokola, iwo uko ine kuno, madzi n'kumagwera pa nsapato zanga za Lamulungu. M'nyumba mapasa ankalira mopikisana.

Apa m'pamene ndinayang'ana pa chingwe. Matewera anali atayanikidwa pansi pa mtengo wa mango, pamthunzi, ndipo amene anali atauma anali gwa ngati makatoni. Munthu wa ntchito yanga sangaone zotere n'kungodutsa.

"Ba abusa, mumatsukuluza kangati?"

"Kamozi chabe. Mpopi uyu sudalilika."

"Bana balibe tuzilonda kumatako?"

Anandiyang'ana ngati ndalosera. "Bali nato. Tayesa mafuta yonse."

"Ni sopo. Imatsalira mu nsalu."

Ndinavula jekete n'kulikoleka pa nthambi. Tinaanula matewera onse, tinawabwezera m'madzi, n'kutsukuluza mpaka thovu litatha. Chingwe tinachisamutsira padzuwa. Ndili chiweramire, tayi nditaiponyera kumsana, amayi a kwaya anatulukira pamsewu akuchokera kophunzira nyimbo. Mtsogoleri wa gulu la amayi anaima, manja m'chiuno.

"Ba elda! Na imwe?"

"Mwauka bwanji, ba mayi," ndinatero.

Atapita, ndinapereka uthenga umene ananditumira, osachotsapo kanthu. Abusa anamvetsera akupukuta manja pa chitenje.

"Namvera, ba elda, ndipo sinikwiya. Koma nikaleka azawasha ndani? Uyu akawerama, chilonda chizatseguka. Ninalonjeza pa guwa kuti nizamusunga, bantu bambiri banamvera. Ngati ni kusamuka tizasamuka, koma matewera yazayenda yoyera."

Pawindo panamveka mawu a amayi busa. "Imwe, musanisekese, chilonda chibaba!"

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Mkazi wanga anandilandira pakhomo, akuyang'ana nsapato zanga.

"Atate bake, namvera lelo munali pa ovataimu. Nanga bana batu pamene benze bang'ono, manja aya yanali pa livu?"

Anandiseka mpaka titamaliza kudya.

Lamulungu, mapemphero atatha, akulu tinatsalira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Wapampando anali atamva kale zonse.

"Munabauza?"

"Ninabauza."

"Bati chani?"

"Bakana."

"Ndipo na imwe munawasha."

"Ninawasha."

Anapukusa mutu. Ine ndinayang'ana anzanga mmodzimmodzi, ndipo tsiku limenelo ndinayankhula motalika kuposa kale lonse. Ndinati pakati pathu pali wophika, pali woyala mabedi, pali wotsuka mbale pa boti la alendo. Ine ndimachapa mpaka zovala zamkati za anthu amene sindidziwa ndi maina awo omwe, ndipo palibe anandiletsapo kugawa mgonero. Abusa akuchapira ana awo.

"Ija ni nchito," anatero wapampando.

"Zoona, ba tcheya," anayankha wophika uja. "Ine nimaphikira bazungu mazira mitundumitundu, koma kunyumba sinidziba na pamene mbaula ikhala. Manje wochititsa manyazi apa ndani?"

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Wapampando, pofuna womuthandiza, anatuma kuti aitane mtsogoleri wa amayi amene anali panja. Mayiyo analowa osakhala pansi.

"Ise tinamusiya mwamsanga mayi busa, icho tavomera, ndipo tizabwerera. Koma chitenge chatu bavule. Chija ni cha mapemphero na maliro. Nizabapatsa changa cha kumunda. Vinangu ni va mu nyumba yao."

Wapampando anazunguza chipewa pa bondo. Si munthu woipa. Tchalitchi chija anachimanga ndi manja ake pamene chinali cha udzu, ndipo kusekedwa ndi anyamata a mataxi kunkamupweteka ndithu. Pomaliza anati ngati kuchapa sikutheka kuleka, ndiye timange mpanda kuzungulira mpopi. Mitengo abweretsa yekha.

Tinaumanga Loweruka lotsatira, wa mabango. Amene anayeza ndi wapampando mwini, ndipo anayezera msinkhu wake. Abusa ndi aatali. Mpanda unawalekeza pachifuwa, moti akaweramuka kuti afinye thewera ankapereka moni kwa aliyense wopita kumsika, ndipo anthu anazolowera kuima pomwepo n'kumawauza mavuto awo. Wapampando anaona zimenezi, koma mpanda anausiya momwemo.

Chaka chitatha, woyang'anira chigawo anabwera. Tinakhala m'kachipinda komwe kaja, abusa akudikira panja ndi akazi awo, aliyense atanyamula mwana. Woyang'anira anafunsa funso lake. Tonse tinayang'ana wapampando, chifukwa mawu oyamba ndi ake.

Anakonza pakhosi. "Tibafuna," anatero. "Kulalika balalika, na nyumba yao basunga. Musatichotsere."

Ananditumanso ine kuti ndikawauze. Ulendo umenewu sindinakonze mawu alionse. Ndinangotsegula chitseko n'kuwauza kuti alowe ndi ana omwe.