Chitenje cha Amake Mutinta

Dzina la Amake Mutinta likangotchulidwa, mphuno zanga zimadzaza ndi fungo la nsomba zowamba zomwe ankabwera nazo pa njinga kuchokera ku Chanyanya, ataziunjika m'dengu, thukuta lili kamukamu, akukalipira agalu a mu Nangongwe monse. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. Anali mayi waphokoso, wosachedwa kupsa mtima, koma mwana akalira ankasungunuka ngati mafuta pamoto.

Chaka chimene ndinadwala malungo aakulu ndili mwana, mayi anga anali ndi khanda la masiku ochepa, choncho amene anakandidikirira kuchipatala anali Amake Mutinta. Misempha yanga inali yaing'ono, yothawathawa. Anamwino anandibaya m'manja monse mpaka anaupeza umodzi kuseri kwa dzanja lamanja, n'kuikapo diripi ya kwinini. Mmene ndinakuwira, Amake Mutinta anatembenukira kukhoma n'kumalira nawo.

Mawa lake pamalopo panayamba kuwotcha. Panafiira, ndipo kamzere kofiira kanayamba kukwera kulowera kuchigongono. Amake Mutinta anaona, koma anadziwanso kuti akanena ndibayidwanso. Anamasula chitenje chawo, n'kukulunga mkono wonse bwinobwino.

“Khala chabe zii,” anandinong'oneza. “Bakaona bazakulasa futi.”

Masana kunabwera namwino wina wamtali, wosaseka, amene tinkangomutchula kuti ba Sista.

“Mwamumangila chani kwanja?”

“Amvela mphepo, ba Sista. Mankhwala yanu yazizila maningi.”

Ba Sista anangomasula chitenjecho, n'kukhudza pang'ono ndi chala. Ndinalumpha. Msempha unali utauma ngati chingwe.

“Amai, mankhwala aya ni yamphamvu, yamaocha mu musipa. Pakafiila olo pakababa, muzitiitana pamene apo. Sembe mwabisa mpaka mawa, apa sembe pachita mafina, matenda yangena mu magazi.”

Amake Mutinta anatola chitenje chawo n'kuchipinda mwamanyazi. Ba Sista anachotsa diripiyo, anaika kansalu kofunda pamalo otupawo, n'kutsamiritsa mkono papilo. Kenako anafufuza modekha mkono wamanzere mpaka anapeza msempha waukulu, ndipo anabaya kamodzi kokha. Anachepetsanso liwiro la madontho, n'kulamula kuti pamalopo pasaphimbidwe.

Kuyambira pamenepo anamwino anaona zakuda. Amake Mutinta ankawaitana ngakhale udzudzu ukandiluma. Ankayendanso bedi ndi bedi kuvundukula mikono ya ana a eni ake, amayi anzawo akung'ung'udza. Kufiira kuja kutayamba kuzilala, anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza uku ndi uku, kenako anapuma mpweya wautali.

“Mulungu ni wabwino. Nenze nizakamba chani kuli amai bako?”

Atatero anandikalipira kuti ndisiye kugwedeza mkono. Mtima wanga unakhala pansi poona kuti ayambiranso kukalipa.

Patapita zaka zambiri, iwonso anagonekedwa m'chipatala, atakalamba, shuga atawafooketsa. Ndinalowa m'chipindamo ndi nthochi m'manja, misozi ili pafupi. Ndisanawapatse n'komwe moni, anatulutsa mkono wa diripi m'bulangeti n'kundilozera.

“Siya kunilangana pamenso, iwe. Ona apa. Pafiila?”

Ndinayang'anitsitsa, ndinakhudza. Panali pofewa, posatentha.

“Pali bwino, amai.”

“Manje ungapeleke moni.”

Mpaka lero, ndikapita kukazonda wodwala, maso anga amayamba afika pamkono, moni pambuyo.